Wopereka chilolezo cha damu azidziwa mtsinje kuposa wochipempha

Masiku apitawa, pa pulogalamu ina yoimba foni pa wailesi ya kuno ku Chipata, panabuka mkangano womwe mpaka lero ukundizungulira m'mutu. Nkhani inali ya thandizo limene mayiko akunja amapereka ku nthambi za boma zoyang'anira madzi ndi magetsi, makamaka ndalama zophunzitsira anthu amene amaunika mapempho omanga madamu ndi kupereka zilolezo. Bambo wina wowotcherera zitsulo cha ku Kapata anaimba atapsa mtima. Anati ngati azungu akufunadi kutithandiza atibweretsere makina, mawaya ndi mathiransifoma, chifukwa satifiketi ya ku wekishopu siyatsa babu. Ambiri amene anaimba pambuyo pake anagwirizana naye, ndipo ine sindikuwadabwa. Tonse tikukumbukira chaka cha 2024, pamene malaiti ankabwera pakati pa usiku n'kuchokanso kusanache. Owotcherera ankagona pa shopu kuti babu likangoyaka adzuke amalize mageti a makasitomala. Amayi ankasiya matumba a chimanga pa chigayo masiku awiri, ndipo ogulitsa nyama ndi mkaka ankataya katundu wowola m'mafiriji. Munthu amene anadutsa m'zimenezo, ukamuuza za maphunziro a ogwira ntchito m'maofesi, amamva ngati ukumutonza.

Komabe ine ndaima mbali inayo, ndipo ndinena mosabisa. Pa thandizo lonse limene timalandira pa nkhani ya magetsi a m'madzi, lofunika kulisamala kwambiri ndi lomweli lophunzitsa anthu oyeza mitsinje ndi opereka zilolezo. Makina tingawagule pa ngongole, kapena kampani ingabwere nawo yokha. Chimene kampani singatibweretsere ndi munthu wathuwathu wokhala mbali yathu pokambirana, amene angawerenge pempho la masamba mazanamazana n'kuloza ndi chala kuti apa pokha ayi, madzi amene mwalembawa mu Okutobala mumtsinjemu mulibe. Chilolezo cha damu si chidindo chabe. Ndi kugawa madzi a mtsinje kwa zaka makumi angapo: ochuluka bwanji apite ku makina, ochuluka bwanji asiyidwe kuti a kumunsi amwe, amwetse ng'ombe ndi kuthirira, ndani ayambe kuchepetsa chilala chikafika, ndani alipire minda ikamira. M'dziko muno ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi zingapo. WARMA, yomwe inabadwa ndi lamulo la madzi la 2011, ndiyo imapereka chilolezo chogwiritsa ntchito madzi. ZEMA imaunika mmene ntchitoyo ikhudzire anthu ndi chilengedwe. ERB imapereka laisensi yopangira ndi kugulitsa magetsi. M'maofesi atatuwa mukakhala anthu osaidziwa bwino ntchito, kapena oidziwa koma opanda manambala a mtsinje, ndiye kuti wopemphayo ndi amene adzilembere yekha malamulo oti aziwatsatira.

Zimenezi ndinaziphunzira ndili mnyamata, pa dimba la amayi anga kumudzi kwathu cha ku Katete. Kamtsinje kathu kankathirira madimba a mabanja angapo, aliyense ndi keni yake. Chaka china bambo wina wa kumtunda anagula injini yopopera madzi, n'kutchinga kamtsinjeko ndi matumba a mchenga kuti paipi yake izipeza dziwe. Pasanathe milungu iwiri repu wa amayi anayamba kufota, matimati n'kuyoyola maluwa. Ndinkawaona mbandakucha atagwada pakati pa khwawa, akufukula mchenga ndi mbale ya ndiwo, kudikira timadzi tizikhe kuti adzaze keni imodzi. Mlandu utafika kwa anyakwawa, bambo uja anati iye sanalakwe, kamtsinjeko kamauma kokha Seputembala aliyense. A kumunsi anati bodza, kamafika mvula yoyamba kakuyenda. Panalibe amene anali ndi pepala. Amene anamasula mlandu ndi agogo ena aakazi, omwe anatengera anthu pa mwala wina wa m'khwawamo n'kunena kuti chibadwire chawo mwala umenewu sunaonekepo wonse masuku asanapse. Anyakwawa anagamula kuti injini izilira m'mawa mokha, masiku atatu pa sabata, ndipo madzulo aliwonse matumba awiri azichotsedwa kuti madzi atsike. Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti chija chinali chilolezo, chokhala ndi malire ake, ndipo chinatheka chifukwa panali munthu wodziwa mtsinjewo kuposa mwini injini. Tsono pa Luangwa, pa Kafue kapena pa Zambezi palibe agogo amene angasunge zonse m'mutu. Pamafunika chopimira chokhomedwa m'mphepete mwa mtsinje, munthu wochiwerenga tsiku ndi tsiku n'kulemba m'buku, ndi katswiri wosandutsa kutalika kwa madziwo kukhala kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse. Ntchito imeneyi imafuna zaka zambiri zosadukiza, chifukwa mtsinje sudziwika ndi mvula ya chaka chimodzi.

Kuti tione kuti manambala amenewa ndi a moyo wathu, tiyeni tiyang'ane Kariba. Nyanjayo ndi yaikulu zedi, koma madzi opangira magetsi ndi a pamwamba okha, kuyambira pa mamita 475.50 kufika pa 488.50 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Ndi mamita 13 basi. Akatha amenewo, nyanja imaoneka yodzaza ndithu koma makina sangayende. Amene amagawa madziwa ndi Zambezi River Authority, bungwe la Zambia ndi Zimbabwe limene linakhazikitsidwa mu 1987. Chaka chilichonse limayang'ana zolosera za mvula ndi zopimira za kumtunda monga cha ku Chavuma, pafupi ndi malire a Angola, n'kuuza ZESCO, kampani ya magetsi ya boma lathu, ndi anzawo a ku Zimbabwe kuchuluka kwa madzi oti agwiritse ntchito. Mu Novembala 2022 bungweli linalamula a Zimbabwe kuti aimitse kaye makina chifukwa anali atamaliza gawo lawo. Mu 2024 madzi onse ogawana anali makyubiki mita 16 biliyoni, 8 biliyoni mbali iliyonse. Kyubiki mita imodzi ndi madramu pafupifupi asanu. Pa 29 Febuluwale chaka chomwecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo chaka chikupita kumapeto, mwa makina asanu ndi limodzi a ku Kariba North Bank, omwe onse pamodzi amatha kupanga mamegawati 1,080, ankayenda amodzi okha. Apa mfundo ndi iyi: mu 2024 sitinasowe makina. Makina analipo, atangokhala. Chimene chinasowa ndi madzi, ndipo funso loti madzi otsalawo agwiritsidwe ntchito motani, mofulumira bwanji, kusungako angati a chaka chamawa, limayankhidwa ndi anthu, osati zitsulo.

Tsopano ndibwere pa zimene otsutsa akunena, chifukwa zina mwa izo n'zomveka. Choyamba amati zilolezo zimachedwetsa chitukuko. Amati wamalonda amayenda ofesi ndi ofesi kwa zaka, mpaka amatopa n'kupita ku dziko lina, ife tili mumdima. Amakumbutsanso kuti mu 2025 boma linalengeza kuti mapempho a magetsi a dzuwa aziyankhidwa m'maola 48, ndiye bwanji osatero ndi madamu. Kuchedwa kulipodi, ndipo ine sindikuikira kumbuyo fayilo yogona pa tebulo miyezi isanu ndi umodzi. Koma tidzifunse chimene chimagoneka fayilo. Nthawi zambiri wogwira ntchito amene sakumvetsa zimene zalembedwa amaopa kusaina, ndiye amapempha pepala lina, kenaka linanso, kapena amatumiza kwa mnzake kuti mlandu usadzamugwere. Wodziwa ntchito amadziwa mafunso asanu ofunika kufunsa, amawafunsa sabata yoyamba, ndipo yankho limatuluka msanga, kaya ndi inde kaya ndi ayi. Motero amene akufuna liwiro ayenera kukhala woyamba kufuna maphunzirowa. Komanso mapanelo a sola ndi damu si zofanana. Mapanelo ukawaika polakwika ungathe kuwamasula n'kuwasamutsa. Khoma la simenti lotchinga mtsinje silisamuka, ndipo mudzi ukamira wamira. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Ife a kum'mawa sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo. Zaka zapitazo panali ganizo lomanga damu pa Ndevu Gorge, pa mtsinje wa Luangwa, mtsinje umene mpaka lero ukuyenda popanda khoma lililonse pa thunthu lake. Anthu a m'chigwa, mafumu awo ndi mabungwe osamala zachilengedwe anakana, anthu pafupifupi 200,000 anasaina chikalata chodandaula, ndipo mu Juni 2019 boma linaimitsa ganizolo. Ena anasangalala, ena mpaka lero amati tinataya magetsi chifukwa cha mvuu ndi alendo a ku Mfuwe. Ine chimene chimandipweteka n'chakuti nkhani yaikulu chonchi inatha mokokana, mbali iliyonse ikubwera ndi manambala ake, m'malo moti pakhale nthambi yathu yodalirika yoika poyera kuti Luangwa amanyamula madzi ochuluka bwanji mwezi ndi mwezi, mchenga ndi matope ochuluka bwanji zimene zingakwirire damu, midzi ingati ingamire, ndipo asodzi ndi alimi a m'mphepete angataye chiyani madzi osefukira akasiya kufika m'madambo. Ganizo lotere lidzabweranso, mwina ndi dzina lina, mwina pa Lunsemfwa kapena Lukusashi, ndipo likadzabwera nthawi ya mdima anthu adzafuna kuvomera msanga. Tisaiwale kuti Kariba itamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 a m'chigwa cha Gwembe, mbali zonse ziwiri za mtsinje, anasamutsidwa kupita ku malo ouma, ndipo ambiri a iwo anakhala zaka makumimakumi osaona babu m'nyumba, mawaya akudutsa pamwamba pa midzi yawo. Pa nthawi imeneyo panalibe amene anali ndi udindo wowafunsa.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene bambo wa ku Kapata uja anagunda penipeni, amati ndalama za maphunziro zimathera m'mahotela. Izi sindingazikane. Tonse tawaonapo magalimoto oyera atandandalikana panja pa loji, anthu akudya, kujambulitsa, kusainira alawansi, Lachisanu n'kubwerera ku Lusaka. Tikudziwanso kuti kawirikawiri amene amapita ku maphunziro akunja ndi bwana wotsala pang'ono kupuma pa ntchito, pamene mnyamata amene amalowa m'madzi ndi chopimira amatsala. Koma kuipa kwa wekishopu ya masiku atatu sikutanthauza kuti kuphunzitsana n'kopanda ntchito. Kukutanthauza kuti tizikana mtundu umenewo n'kufuna wina. Mtundu winawo tili nawo kale m'dziko muno. Ku Namalundu kuli Kafue Gorge Regional Training Centre, sukulu imene inayamba mu 1989 ndipo inakula ndi thandizo la Norway ndi Sweden. Kumeneko amisiri ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa amaphunzira kuyendetsa ndi kukonza makina a magetsi ali pafupi ndi siteshoni yeniyeni, ndipo sukuluyo ikadalipo ngakhale Norway anatseka ofesi ya kazembe wake ku Lusaka mu 2016. Thandizo loona limaoneka choncho: limasiya chinthu choyenda chokha. Pa nkhani ya zilolezo, ndiye kuti katswiri wa kunja abwere adzakhale miyezi pa desiki limodzi ndi wathu, aunike limodzi pempho lenileni la kampani yeniyeni, apite limodzi ku mtsinje mvula ili mkati pamene madzi ali pakamwa, ndipo ndalama zina zigule zopimira, bwato, njinga yamoto ndi mafuta. Poyeza ngati thandizo laphula kanthu tisawerenge anthu amene analandira masatifiketi. Tiwerenge zopimira zimene zikutumiza manambala mwezi uno, ndi masiku amene pempho latenga kuti liyankhidwe.

Chachitatu n'chokhudza ufulu wathu ngati dziko. Pali amene amati azungu anatseka mitsinje yawo yonse, analemera, ndiye lero akubwera kudzatiphunzitsa malamulo oti ife tisamange, kapena kudzakonza njira yoti makampani akwawo apeze ntchito. Kukayikira kumeneku kuli ndi maziko, chifukwa palibe dziko limene limapereka ndalama popanda kuganizira zake. Koma taonani mbiri ya Norway yemweyo. Dzikolo linapatukana ndi Sweden mu 1905, ndipo makampani akunja anali atayamba kugula mathithi ake motchipa kwa alimi osadziwa mtengo wake. Kuyambira 1906 mpaka 1917 anakhazikitsa malamulo oti palibe womanga popanda chilolezo cha boma, ndiponso kuti zaka zolembedwa m'chilolezo zikatha, damu ndi makina ake zibwerere ku boma popanda kulipira kanthu. Sanathamangitse alendo. Anawalola kubweretsa ndalama ndi luso, koma mtsinje sanaugulitse. Lero magetsi awo pafupifupi 90 pa 100 alionse amachokera m'madzi, ndipo madamu ambiri ndi a boma ndi makhonsolo. Nthambi yawo yoona za madzi ndi magetsi, NVE, yomwe inayamba mu 1921, yagwirapo ntchito ndi nthambi zofanana nayo m'mayiko monga Mozambique, Liberia ndi Nepal. Analakwitsaponso: damu la pa mtsinje wa Alta linawakanganitsa kwambiri ndi anthu a mtundu wa Sami chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo zolakwa zimenezo nazonso ndi phunziro. Tsono ngati pali chinthu choti titengeko kwa anthu otere, ndi luso lomweli lodzitetezera kwa alendo. Wopempha chilolezo amabwera ndi maloya ndi mainjiniya olipidwa bwino. Woopa kudyeredwa ndi akunja ayenera kufuna kuti wathu akhale wakuthwa mofanana, ndipo zilibe kanthu kuti kalumo kakuthwako wabwera nako ndi mlendo, bola katsale m'manja mwathu. Tikumbukirenso kuti siteshoni yathu ya magetsi ya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, inadya pafupifupi madola 2 biliyoni, mbali yaikulu ya ngongole, ndipo dziko lino linalephera kubweza ngongole zake mu Novembala 2020. Pa ndalama zotere, kulakwitsa pang'ono powerengera madzi kumalipiridwa ndi ana athu.

Mtsinje wa Kafue ukuonetsa bwino kulemera kwa ntchito imene tikuikankhira pa anthu ochepawa. Madzi amodzimodziwo akufunidwa ndi migodi ya ku Copperbelt, ng'ombe za Aila ndi Atonga m'madambo a Kafue Flats, minda ya nzimbe ya ku Mazabuka, mipopi ya mzinda wa Lusaka, ndi makina a ZESCO. Ku Kafue Gorge madzi amagwa pafupifupi mamita 400, pamene ku Kariba ndi pafupifupi 90, choncho dramu limodzi la ku Kafue limapanga magetsi ochuluka kanayi kuposa la ku Kariba. Dramu lililonse lopopedwa kumtunda kukathirira nzimbe ndi magetsi amene sapangidwa, koma nzimbezo ndi ntchito za anthu masauzande. Damu la Itezhi-Tezhi litamangidwa m'zaka za m'ma 1970, panaikidwa lamulo loti m'mwezi wa Malichi azitsegula madzi ochuluka kwa milungu ingapo kuti madambo asefukire, msipu umere, nsomba ziswane. Mzere umodzi wotere m'chilolezo ndi moyo wa ng'ombe zambirimbiri, koma umafuna munthu wodziwa kuulemba ndi wina wolimba mtima kukaona ngati ukutsatidwa chaka chimene magetsi akusowa. Ndipo pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi n'kuthira asidi mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Tsiku limenelo funso la aliyense linali lakuti oyendera anali kuti. Oyendera amenewo ndi anthu omwewa amene tikukana kuti aphunzitsidwe.

Chachinayi amati nthawi ya madamu yatha, nyengo yasintha, tiike mtima pa dzuwa ndi malasha. N'zoona kuti kudalira madzi pa magetsi opitirira 80 pa 100 alionse kunatipweteka, ndipo sola ichuluke ndithu, makamaka kuno kumene dzuwa silisowa. Koma dzuwa limalowa nthawi imene amayi akuteleka nsima, ndipo madzi osungidwa m'damu masana ndi amene angayatse madzulo. Komanso mvula ikamavuta m'pamene kugawa madzi kumafuna nzeru zambiri, poti aliyense akuthamangira ulimi wothirira. Mfundo imeneyi, m'malo mogwetsa zimene ndikunena, ikuzilimbitsa.

Pali chinthu china chimene mkangano wa pa wailesi uja sunakhudze n'komwe. Tikamva za mgwirizano wa mayiko timaganiza za azungu okha, chonsecho ofunika kwambiri ndi anansi athu. Zambezi ndi wa mayiko asanu ndi atatu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Pangano lokhazikitsa ZAMCOM, bungwe la mayikowa loona za mtsinjewu, linasainidwa mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo mtima wake ndi woti mayikowa azipatsana manambala a mitsinje ndi kudziwitsana wina asanamange chinthu chimene chingakhudze mnzake. Kwa ife a kuno nkhaniyi ili pakhomo. Mvula yogwa ku Lundazi, ku Chipata ndi ku Mambwe imatsika ndi Lupande, Lutembwe ndi timitsinje tina kulowa mu Luangwa, Luangwa n'kukathira mu Zambezi moyang'anana ndi Zumbo, pamutu penipeni pa nyanja ya damu la Cahora Bassa ku Mozambique. Palibe damu lalikulu loigwira panjira. Woyendetsa Cahora Bassa akapanda kudziwa msanga kuti Luangwa wadzaza, amatsegula zitseko mochedwa komanso mwadzidzidzi, ndipo omira ndi anthu a kumunsi kwa Tete, ena a iwo olankhula chinenero chathu chomwechi, ena abale athu amene timakumana nawo pa Kulamba ku Mkaika. Mbali inayi, mu 2024 ena mwa magetsi ochepa amene tinkaona tinkagula ku Mozambique. Achimwene athu a ku Malawi nawonso ali ndi zotiphunzitsa: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira pa Shire n'kuwachotsera mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi. Injiniya amene anaona zimenezo ndi maso ake angamuuze wathu zoti aziyang'ana m'pulani ya damu kuposa buku lililonse, ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa maola ochepa chabe. Koma kuti upatse mnzako manambala uyenera kukhala nawo, ndipo kuti akukhulupirire uyenera kuyeza mofanana ndi mmene iye amayezera. Kugwirizana pa kayezedwe, pa makompyuta osungira ndi pa nthawi yotumizirana n'kumene kumafuna kuphunzira pamodzi.

Chomaliza chimene otsutsa amanena ndi chimene ine ndimachiopa kwambiri. Amati tili ndi mainjiniya athu ochokera ku mayunivesite a UNZA ndi CBU, ndipo amene timawaphunzitsa ndi ndalama za alendo amachoka n'kukalowa m'makampani omwe aja amene amayenera kuwayang'anira. Amawonjezera kuti mlendo ndi mame: tinaona mu 2025 mmene thandizo la America linaimira mwadzidzidzi, mapulogalamu n'kutsekedwa. Apa ndikuvomera kuti pali malire a zimene mlendo angachite. Sangamulipire malipiro katswiri wathu mpaka kalekale, sangagule mafuta a njinga chaka ndi chaka, ndipo sangamuteteze wogwira ntchito amene wakana kusaina pempho la munthu wamphamvu. Zimenezo ndi za boma lathu ndi Nyumba ya Malamulo. Ndalama zimene makampani akuluakulu amalipira pa zilolezo za madzi zizibwerera ku mitsinje, ndipo amene waphunzitsidwa asaine kuti atumikira zaka zingapo, malipiro ake akhale oti sangakopedwe ndi envulopu. Koma kunena kuti poti ena amachoka tisaphunzitse aliyense n'chimodzimodzi kusiya kudzala poti anyani amaba. Digiri imamupatsa munthu maziko. Kudziwa kulemba malire a chilolezo cha zaka makumi atatu, kapena kuzindikira pamene kampani yakometsera manambala a mvula, kumabwera pogwira ntchito ndi amene anachitapo kambirimbiri, ndipo dziko limene limamanga damu lalikulu kamodzi pa zaka makumi angapo silingakhale ndi anthu otere ambiri palokha.

Kuno kum'mawa tilibe siteshoni yaikulu ya magetsi a m'madzi. Athu amachokera kutali, pa mawaya odutsa ku Pensulo ndi ku Msoro, n'chifukwa chake n'kosavuta kuganiza kuti za zilolezo ndi za ku Lusaka ndi ku Siavonga. Koma tauni ya Chipata imamwa madzi a m'madamu a Lutembwe, ndipo aliyense wodutsa kumeneko amaona minda yofika m'mphepete mwenimweni, mitengo itatha m'mapiri, mvula ikagwa madzi ali psuu ndi dothi. Mijigo ikukumbidwa pulotu iliyonse, ndipo malamulo olembetsa mijigo atabwera mu 2018 ambiri tinangoona ngati msonkho wina, osafunsa kuti madzi a pansi pa Kalongwezi kapena Moth akutsika bwanji chaka ndi chaka. Lamulo la 2011 linagawa dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi za mitsinje, Luangwa ndi chimodzi mwa izo, ndipo linalola kuti pakhale makhonsolo a zigawozo ndi magulu a ogwiritsa ntchito madzi m'midzi. Ine pempho langa kwa aphungu athu ndi kwa amene amakambirana ndi mayiko othandiza n'lakuti gawo la maphunzirowa litsike kufika kumeneko. Anyakwawa ndi makomiti a madimba aphunzitsidwe kuwerenga chopimira ndi kudziwa zimene lamulo likuwapatsa, kuphatikizapo kuti madzi a pakhomo, akumwa ndi ophikira, safuna chilolezo ndipo amayamba ndiwo. Pempho lililonse lalikulu lotenga madzi mu Luangwa kapena m'mitsinje yake liwerengedwe pa bwalo la mfumu m'Chichewa, m'Chinsenga, m'Chikunda kapena m'Chitumbuka lisanasainidwe, ndipo malire ake akhomedwe ku khonsolo kuti aliyense awaone. Ndipo wailesi yomwe ija, ikamalengeza mitengo ya chimanga ndi soya, izitiuzanso sabata iliyonse kuti madzi afika pati pa mlatho wa Luangwa ndi pa damu la Lutembwe.